Dziko Lopanda Potsamira Msana

Padangotero. Ndipo mukayankha kuti tili tonse mukhaledi tonse, chifukwa nthano iyi ikatuluka pakhomo imabwerera kudzera kuseri kwa nyumba.

Panali Bwanamkubwa Nyalugwe, wolamulira nyama zonse za dera lina. Sanali wokalipa ayi. Anali wanthabwala, ndipo iye akaseka aliyense ankaseka naye, ngakhale amene ankamuopa.

Tsiku lina asilikali ake, afisi, anatola bokosi la masewera a pa kanema limene linagwa pa lole. Bokosilo linkadya dzuwa m'malo mwa magetsi, ndipo linali ndi magalasi awiri oyandikana. Wosewera aliyense ankakhala pa galasi lake, n'kugwira kathabwa ka mabatani, n'kumayendetsa kachidole kofanana naye m'dziko la m'bokosimo. Galasi linkangoonetsa zimene zili kutsogolo kwa chidole chako. Pakati pa osewerawo ankatchingapo nsalu kuti wina asasuzumire kwa mnzake, koma khamu lokhala kumbuyo linkaona magalasi onse awiri.

"Kusaka kwa m'tchire n'kwachikale," anatero Nyalugwe. "Ine, ndi udindo wangawu, kumalasidwa ndi minga chifukwa cha ndiwo? Tizisewera chipako ngati ophunzira."

Choncho mwezi ukaoneka, nyumba imodzi inkapereka mwamuna wa pakhomopo kuti akasewere ndi bwana, motsata mzere wa nyumba. Masewera asanayambe, woweruza Nang'omba ankalengeza lamulo ndi mawu ake aja ochokera m'mimba: amene chidole chake chakhudzidwa kumsana, thupi lake ndi ndiwo, wopambana adye, zotsala adye asilikali.

"Lamulo silisankha nkhope," Nyalugwe ankatero akuseka. "Ngakhale ine amene likhoza kundigwira."

Onse ankaseka. Ndani anafikapo kumsana kwa nyalugwe?

Tsono dziko la m'bokosilo silinkadzipanga lokha. Ankaliluka ndi mlaza mmisiri wina, gologolo wamkazi dzina lake Nangondo. Ankaikamo tinjira, tizitsamba ndi tiziulu, n'kulilowetsa pa kachitseko kakumbuyo kwa bokosi, basi n'kuoneka pa galasi. Dzikolo linali lafulati ngati mphasa, la malire anayi ndi ngodya zinayi. Ndiye masewera onse ankatha chimodzimodzi. Wothawa ankathamanga mpaka kukagunda malire, n'kukhota, n'kukapanikizika pa ngodya, ndipo Nyalugwe ankamugwetsa chafufumimba n'kumuika dzanja pamsana.

Nangondo ankaluka, anzake ankadyedwa. Koma mzere wa nyumba unkayandikira. Kunatsala kwa Gwape, kenako kwa Mbira, kenako kwawo. Ndipo mwamuna wake, a Chisale, dzanja lawo lamanja linaphwanyikira pa msampha kalekale. Kugwira kathabwa ka mabatani sakanatha n'komwe.

"Miyezi itatu, mayi," anatero a Chisale. "Ine wandiona. Udzangondikonzera madzi ndisambe, ndipite bwinobwino."

"Musalankhule zamaliro muli moyo, bambo."

"Nanga titani? Tithawe?"

"Afisi amanunkhiza. Sitifika patali."

"Ndiye?"

"Chimene chikupha anthu si liwiro la bwana. Ndi ngodya. Ndipo ngodyazo ndimaluka ndine."

M'mawa mwake Nangondo anakagwada pamaso pa Nyalugwe.

"Bwana, ndamva zonyoza kuchitsime."

"Zonyoza ndani?"

"Inuyo. Akuti dziko lanu lili ndi pothera. Akuti ulamuliro wa Bwanamkubwa ndi waufupi ngati mphasa ya mlendo, ukagonekapo mutu miyendo ili pansi."

Nyalugwe anasiya kuseka. "Wanena ndani?"

"Mphekesera ilibe mwini, bwana. Koma mukandilola, ndikulukirani dziko lopanda pothera."

"Lilipo lotero?"

"La mafumu akuluakulu okha."

"Luka," anatero Nyalugwe.

Nzeruyo Nangondo anaitenga pa mtengo. Gologolo akazungulira thunthu amabwerera pamene anayambira. Choncho anatenga mphasa ya dziko ija, naipinda, nasoka malire a kum'mawa ndi a kumadzulo, n'kukhala ngati thupi la ng'oma. Posoka ankaimba kanyimbo kamene anapeka yekha, ka mbali ziwiri. Mbali yoyamba inkafunsa njira kumene ikupita ndi wapaulendo, ndipo inkakwera m'mwamba ngati munthu wodandaula. Mbali yachiwiri inkayankha motsika kuti njirayo ikumubwezera kwawo. Nangondo ankafunsa, a Chisale ankayankha uku akuomba chitini ndi dzanja lawo labwinolo. Posakhalitsa mudzi wonse unaidziwa nyimboyo.

Mwezi unaoneka. Nang'omba analengeza lamulo. Gwape anakhala pa galasi lake.

"Achimwene," Nangondo anamunong'oneza, "muzingothamangira kum'mawa. Osakhota, osacheuka."

Gwape anathamangadi. Nyalugwe anamutsatira pang'ono, kenako anaima n'kumayasamula, podziwa kuti malire amubwezera nyama yake monga mwa masiku onse. Koma Gwape anazimiririka. Khamu linayamba nyimbo ija chapansipansi. Ndiye mwadzidzidzi pa galasi la Gwape panaoneka msana wa mawangamawanga, pafupi, poyera, wosayembekeza kanthu.

Nyimbo inaduka. Kunangotsala kutambasula chiboda basi.

Koma Gwape anabadwa ndi mantha, ndipo mantha safunsa nzeru. Ataona mawanga aja anakuwa, nakhotera kumpoto, nakagunda pa mlomo wa ng'oma pamene malire anali akadalipo. Nyalugwe anamupeza pomwepo.

Akudya, Kapitawo Fisi, mkulu wa asilikali, anati, "Bwana, ameneyu anali kumsana kwanu."

"Kumsana kwanga?"

"Dzikoli likuzungulira. Wopita uku akutulukira uku."

Nyalugwe anaseka kwambiri, koma ubweya wa pakhosi pake unali utaima. "Ndamva. Nyama ikasowa kutsogolo, ndizitembenuka. Iwe mmisiri, dziko lako ndalikonda, koma kumpoto ndi kummwera likuthabe. Unandilonjeza lopanda pothera."

"Mwezi wamawa, bwana."

Ulendo uno Nangondo anatenga dzungu lozungulira bwino, nalikulunga ndi mphasa ya dziko. Pamimba pa dzungu mphasayo inakhala bwino. Koma kumutu ndi kumatako kwake inasonkhana, n'kuchita makwinya. Anainyowetsa, makwinya ali pompo. Anaipsinja ndi mwala, makwinya ali pompo. Anaimba nyimbo yake mpaka mawu anasasa, koma chafulati n'chafulati, sichivala chozungulira popanda kudandaula. Masiku anatha.

A Chisale anapisa chala m'makwinyamo. "Mayi, apa munthu akodwa."

"Ndaona."

"Ukawauze a Mbira asadzafikeko."

"A Mbira pakamwa pawo sipatsekeka. Ndikawauza m'mawa, masana afisi amva. Bwana akadziwa kuti dzikoli lili ndi chilema, abwezeretsa mphasa yakale ija. Ndiye inu mwatha."

"Nanga a Mbira?"

"Mwina sadzafikako. Komanso ndikufuna ndione ngati bwana adzatembenukedi."

"Nangondo!"

"Ndati mwina sadzafikako."

Apa ine wokamba nthano sindimuikira kumbuyo. Anali ndi mantha, inde, ndipo mwamuna wake ankamukonda. Koma anaona dzenje panjira ya mnzake, natseka pakamwa.

Mwezi unaoneka. Nang'omba analengeza lamulo. Mbira anabwera akuseka nthabwala za bwana mokweza kuposa onse, mkazi wake ali m'khamu atagwira mutu.

"Mundiuzeko nzeru, alamu," anatero kwa Nangondo.

"Muzingothamanga mowongoka," anayankha Nangondo, maso ali pansi.

Mbira anathamanga, nazimiririka kuseri kwa mimba ya dzungu. Khamu linayamba kufunsa njira kumene ikupita. Nyalugwe sanavutike n'kuthamanga. Anangotembenuza chidole chake, nabisala pa kachitsamba, nadikira. Khamu lisanafike pa mbali yoyankha, Mbira anatulukira maso ndi maso ndi bwana. Anakhota mwaliwiro lomwe palibe ankamuganizira, nalunjika kumpoto, ndipo malire sanawapeze. Khamu linakuwa ndi chimwemwe. Kenako timiyendo ta chidole chake tinatitimira m'makwinya. Mbira anadina mabatani onse, anadina mpaka kathabwa kanalira, chidole chili phee.

Nyalugwe anabwera pang'onopang'ono, akuimba mluzu.

Pa maliro a Mbira, maliro opanda mtembo, Nangondo anakhala kumbuyo kwenikweni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mawalo linali litafika. Akuganiza choncho, kutsogolo kwake kunakhala a Kamba, amene anabwera kudzapepesa. Nangondo anayang'ana chigoba chawo, nayang'ananso. Chinali chozungulira, chopanda khwinya ndi limodzi lomwe.

"Agogo, chigoba chanuchi n'chansalu imodzi?"

"Pa maliro pano ukufunsa za chigoba?"

"Pepani. Ndiyankheni chabe."

"Ndi zigambazigamba, mwanawe. Sukuona? Chilichonse n'chaching'ono, ndiye chimapindika pang'ono, n'kugwirana ndi chinzake."

Nangondo anachoka pa maliropo osatsanzika. Anamasula mphasa yonse, nayamba kuluka tizigamba ting'onoting'ono, tina ta mbali zisanu, tina ta mbali zisanu ndi imodzi, n'kumatisoka m'mphepete. A Chisale ankamugwirira ndi dzanja limodzi mpaka anadziwa kachitsamba kalikonse ndi kachulu kalikonse. Patatsala tsiku limodzi anamaliza dzikolo, lozungulira ngati mpira, lopanda mutu, lopanda matako. Nangondo analigubuduza pansi, ndipo linapita mowongoka.

Anapita nalo kwa Nyalugwe.

"Bwana, ili ndiye la mafumu. Simudzafunanso lina."

"Likathera kuti?"

"Silithera."

Nyalugwe analitembenuza uku ndi uku, mano onse pamtunda. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Koma pali kankhani, bwana. Mawa ndi nyumba yathu. Amuna anga ali ndi dzanja limodzi. Masewera atha musanakhazikike n'komwe, ndipo kuchitsime adzati Bwanamkubwa analukitsa dziko lalikulu kuti azigwira olumala."

"Ndiye ukuti chiyani?"

"Ndisewere ine."

"Iwe ukafa andilukira ndani?"

"Ndanena kale, ili ndi lomaliza. Mmisiri mulibenso naye ntchito."

Nyalugwe anaseka mpaka misozi. "Mkazi wodzigulitsa yekha! Chabwino. Udzasambe."

Potuluka, Nangondo anaima pamene panali Kapitawo Fisi.

"A Kapitawo, mwaonda."

"Ntchito, mayi."

"Pa a Mbira munalandirapo chiyani?"

"Timapazi. Asilikali khumi ndi awiri, timapazi tinayi."

"Nanga pa ine mawa?"

Fisi anamuyeza ndi maso. "Mchira. Ubweya wokhawokha."

"Pepani. Lamulo ndi lamulo, chimene chagwa ndi chimene mumadya. Chikanagwa chachikulu, bwenzi mukukhuta."

Anamusiya Fisi akumeza malovu.

Kunyumba a Chisale anakana, anakalipa, analira. Nangondo anawadikira amalize.

"Mwatha, bambo? Tsono mverani. Inu mudzakhala m'khamu, mukuona magalasi onse awiri. Ine ndidzaona langa lokha. Mudzatsogolere nyimbo. Nkhope ya bwana ikaloza kumene ine ndili, muziimba mbali yofunsa, muzingoibwereza. Akandipatsa msana, mulumphire ku yoyankha."

"Ndikalakwitsa?"

"Ndiye kuti mwandipha. Musalakwitse."

Mwezi unaoneka. Nang'omba anayamba kulengeza lamulo mothamanga, monga wotopa nalo.

"Pepani a woweruza," anatero Nangondo, "makutu anga ndi aang'ono. Wokhudzidwa kumsana ndani?"

"Aliyense."

"Ngakhale ine amene!" anafuula Nyalugwe, ndipo khamu linaseka kuseka kouma.

Masewera anayamba. Ulendo uno Nyalugwe sanayasamule. Analumpha nthawi yomweyo, ndipo chikhadabo chake chinaphonya mchira wa chidole cha Nangondo pang'onong'ono. Nangondo anakhota, anadumpha kachulu, anakhotanso. Iye sankaona chimene chili kumbuyo kwake, ankangomva khamu likukoka mpweya. Nyalugwe anamukankhira kumpoto, kumene Gwape anagunda malire, koma kunalibe malire. Anamukankhirabe, kufunafuna makwinya amene anakola Mbira, koma kunalibe makwinya. Nangondo anathamanga mpaka mimba ya dziko inamubisa.

Chitini cha a Chisale chinalira. Mbali yofunsa inakwera, khamu n'kuilandira.

Nangondo anaimitsa chidole chake kuseri kwa kachitsamba. Mbali yofunsa inabwerezedwa. Inabwerezedwanso. Ndiye kuti bwana akubwerabe. Mtima unamuuza kuti thawa, koma anadikira, akuwerenga kugunda kwa chitini. Kenako mawu a a Chisale anatsika, nagwera pa mbali yoyankha. Nyalugwe anali atachita zimene anaphunzira miyezi iwiri ija: anatembenuka kudikira nyama kuti itulukire mbali inayo.

Nangondo sanazungulire. Anangobwerera njira yomwe anadzera.

Msana wa mawanga unaoneka patali pa galasi lake. Unakula. Unakulabe. Mwadzidzidzi chitini chinalira mwaukali, mbali yofunsa ikubwerera. Nangondo anadziponya kumbali, Nyalugwe n'kutembenuka, n'kupeza njira ili mbee.

"Bwanji nyimboyi ikudumphadumpha lero?" anafunsa Nyalugwe, maso ali pa galasi.

A Chisale anangopitiriza kuomba chitini.

"Kapitawo! Ali kuti ameneyu?"

Kapitawo Fisi anatsegula pakamwa. Anayang'ana Nangondo, kamthupi kosadzaza dzanja. Anayang'ana ntchafu za bwana wake. Anatseka pakamwa.

"Kapitawo!"

"Kuwala kwa galasi kukundithobwa m'maso, bwana."

Apa ndi pamene Nyalugwe anamva chinthu chimene anali asanachimvepo chibadwire. Anathamangitsa chidole chake kufuna malire oti atsamirepo msana. Anapita kum'mawa, palibe. Anapita kummwera, palibe. Anafuna ngodya, ngodya imene inkamudyetsa miyezi yonseyi, ndipo sanaipeze.

"Dzikoli likathera kuti?" anakuwa.

"Silithera, bwana," anayankha Nangondo kuseri kwa nsalu. "Ndi mmene munafunira."

Nyalugwe anayamba kuzungulira pamalo amodzi. Akayang'ana kum'mawa, msana uli kumadzulo. Akayang'ana kumpoto, msana uli kummwera. Nyimbo inkasinthasintha, kufunsa, kuyankha, kufunsa, kuyankha, a Chisale thukuta lili kamukamu, dzanja lawo limodzilo likutuluka magazi pa chitini. Nangondo ankayandikira poyankha, n'kubisala pofunsa, phazi limodzi, mapazi awiri. Kenako chala cha Nyalugwe chinaterera pa batani, chidole chake n'kuima kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso. Mbali yoyankha inagwa ndi khamu lonse.

Pa galasi, kadzanja kakang'ono kanakhala pa msana wa mawanga.

Nang'omba anazengereza kulengeza.

"A woweruza," anatero Nangondo, "makutu anga ndi aang'ono."

"Wokhudzidwa kumsana," anatero Nang'omba chonong'ona, "thupi lake ndi ndiwo."

Nyalugwe anayesa kuseka. "Inali nthabwala imene ija. Nonse mukudziwa kuti ine ndi wanthabwala."

Palibe anaseka naye.

"Ine ndimadya mtedza," anatero Nangondo. "Gawo langa ndapereka kwa asilikali."

Afisi khumi ndi awiri anaimirira pamodzi. Nyalugwe anataya kathabwa, nalumpha nsalu, nagwetsa bokosi n'kuliphwanya, nakwera mumtengo. Mpaka lero amakhala momwemo, msana atautsamiritsa ku nthambi, ndipo akagwira nyama amakwera nayo, chifukwa pansi afisi akudikirabe gawo lawo.

Khamu linamunyamula Nangondo m'mwamba. A Chisale ankalira ngati mwana. Nthungululu zinamveka mpaka kumidzi ina. Koma atamutsitsa pafupi ndi mtengo, anapeza mkazi wa Mbira ataima pamenepo, chingwe cha maliro chikadali pamutu. Sankavina. M'manja mwake munali dzungu lakale lija, limene analitola kudzala.

"Mwatipulumutsa, anzanga," anatero mofatsa. "Zikomo. Koma ndili ndi kafunso kamodzi."

"Funsani."

"Makwinya aja. Munawaona amuna anga asanasewere?"

Nangondo, amene anapusitsa Bwanamkubwa katatu, amene anatseka pakamwa pa Kapitawo ndi mawu awiri, anasowa chonena. Anayang'ana a Chisale, a Chisale anayang'ana pansi. Mkazi wa Mbira anangoima, kudikira.

Nangondo anakwera pa thunthu la mtengo, nazembera kuseri kwake. Mkazi wa Mbira anazungulira kumutsata. Nangondo anazemberanso. Koma thunthu ndi lozungulira, ndipo iye ankadziwa kuposa wina aliyense kuti pa chozungulira palibe pothawira mpaka kalekale.

N'chifukwa chake ukamuyang'ana gologolo m'maso, amazembera kuseri kwa thunthu, ukamutsata n'kuzemberanso. Ana amati ndi masewera. Si masewera ayi. Akuopa kuti nawenso wabwera ndi funso lija.

Nthano yabwerera pakhomo pamene inatulukira. Amene anakwirira mbatata pamoto akaione, ine zanga ndatula.